Usanatumize Pepalalo, Konza Mzere wa Dzina Langa

Tiyamike mwana wanga, Nambewe,

Ndakhala pakhonde la kuseri, paja pamafika kamphepo kochokera kuphiri dzuwa likapendeka. Amayi ako ali m'nyumba, akulimbana ndi sutikesi yako. Akuti mpunga ulowa basi, ndi chiponde chomwe, ngakhale wawauza kawiri kuti ku bwalo la ndege katundu amamuika pasikelo. Ine andipirikitsa. Akuti ndikungoima pakhomo n'kumawatchingira kuwala. Ndiye ndatenga cholembera ndi mapepala, poti zinthu zina pakamwa zimandikanika, koma pepala silindiyang'ana m'maso. Kalatayi uipeza m'thumba la m'kati la jekete lako latsopano. Uiwerenge ndege ikakhazikika m'mwamba, osati pa siteji pa Mtakataka anthu akukutsanzika.

Choyamba dziwa kuti ndakondwa. Ndakondwa moti dzulo pamsika ndinapereka moni kawiri kwa munthu mmodzi, iye n'kundifunsa ngati ndadya bwino. Ndimakuona ukadali kamwana, utaima pa kireti mu labu ya pachipatala chathu chaching'ono, diso limodzi pa maikulosikopu, lina utalitseka ndi dzanja. Unayang'ana nthawi yaitali, kenaka unatembenuka n'kufunsa kuti, "Adadi, kodi magazi a munthu ndi apepo?" Ndinakuuza kuti ndi utoto umene timathira kuti tizilombo tioneke. Unakhumudwa ngati ndakulanda switi. Lero kamwana kaja kakupita kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kukafufuza mmene thupi la mwana limalimbanira ndi likodzo, mmene asilikali a m'magazi amazindikirira mdani, mpaka kukawerenga majini, malangizo a chibadwa obisika m'kati mwa tizilomboto. Ine ndinathera pa kuona tizilombo ndi diso. Iwe ukuwerenga za m'kati mwake. Ndingalekerenji kukondwa?

Ndiwe unandiphunzitsa za kutchulana kwa ofufuza. Unati munthu akamalemba za kafukufuku wake, kaya ali dziko liti, ngati watengako nzeru pa pepala lako amayenera kulemba dzina lako kumapeto kwa lakelo, ndipo makina amasonkhanitsa maina onsewo n'kuonetsa nambala pansi pa dzina la munthu aliyense. Pepala lako loyamba lija anthu analitchula kwambiri, nambala yako inakwera, n'chifukwa chake mawa ukukwera ndege.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi ndi iyi. Lachiwiri unanditsegulira laputopu n'kundionetsa pepala lako latsopano, lija lonena za kuumitsa timadontho ta magazi pa timapepala m'midzi yopanda magetsi, kuti akayezedwe bwino kutali patapita masabata. Unanditsitsira mpaka kumapeto, pa mzere wothokoza, n'kundiwerengera m'Chichewa: wathokoza bambo ako, amene anayambitsa njira ya malichero awiri. Unati ukangofika, aphunzitsi ako akasaina, sabata yomweyo ulitumiza. Misozi inandilengeza, iwe n'kundikumbatira poganiza kuti ndi chimwemwe. Theka lake chinali chimwemwe ndithu. Theka linalo anali manyazi, chifukwa mzere umenewo si woona. Njirayo sindinayambitse ndine. Usalitumize pepalalo usanaukonze. Ndikufotokozera zonse, koma undilole ndifike pang'onopang'ono. Ukuwadziwa bambo ako, njira yachidule amaiona koma amailambalala.

Ndili mnyamata, nditangoyamba ntchito mu labu, ndinali ndi matenda okonda nambala. Ndinkapikisana ndi mnzanga wa pachipatala china, ndipo tikakumana funso linali limodzi: dzulo unayeza tigalasi tingati ta malungo? Mkulu wanga pantchito anali a Lusiyano. Ukuwakumbuka, aja ankakusungira malambe m'thumba la gawuni yawo yoyera. Iwo ankatha kukhala pa kagalasi kamodzi mpaka ine nditamaliza tinayi, ndipo mumtima ndinkati akalamba. Tsiku lina ndinayeza magazi a kamtsikana kotentha thupi, ndinayendetsa kagalasi mothamanga, n'kulemba kuti palibe kanthu. A Lusiyano anakatola kagalasiko ndisanakaponye m'beseni. Anakhala, anakhala, kenaka anati, "Felikisi, tabwera udzapereke moni kwa alendo ako." Tizilombo tinali m'mphepete, pamene ine sindinafike. Mayi wa mwanayo anali atafika kale pageti, mwana ali kumbuyo, akubwerera kumudzi. Ndinathamanga ndi gawuni yomwe, nsapato imodzi n'kutsala m'mchenga. Mwanayo analandira mankhwala ndipo anachira. A Lusiyano sanandikalipire. Anangonena akupukuta magalasi awo a m'maso kuti, "Mnzako uja akakufunsanso kuti wayeza tingati, uzimuuza kuti wayeza mwana wa munthu." Nambewe, nambala ija ya pansi pa dzina lako si yoipa. Yakutsegulira chitseko ndipo ine ndimainyadira. Koma idzakunong'oneza kuti fulumira, dula pepala limodzi likhale atatu, siya likodzo ugwire nkhani imene ili m'fasho. Ikayamba kutero, uzikumbuka nsapato ya bambo ako ili m'mchenga. Uzifika m'mphepete mwa kagalasi.

Matenda okonda nambala aja sanandithere, anangogona. Utandiphunzitsa kutsegula tsamba loonetsa nambala yako pafoni, ndinayamba kuliona m'mawa uliwonse ndisanasukusule n'komwe. Amayi ako anafika pondifunsa kuti, "Kodi a bambo a Tiya, foniyo ikukuikirani mazira?" Ndinkapita nayo ku bawo pansi pa mtengo wa bwemba, n'kumauza anzanga kuti onsewa ndi anthu ophunzira amene akuombera mwana wanga m'manja. Tsiku lina ndinatsegula limodzi mwa mapepala okutchulawo kuti ndiwerengere anzangawo mawu okuyamikira. Ndinayamba mokweza, ndi Chingerezi changa cha ku mishoni, kenaka mawu anayamba kuchepa, chifukwa mayi wolembayo ankati zimene wapeza iye zikusiyana ndi za Mbewe, ndipo ankakayikira mmene unasungira magazi. Mnzanga wina anati, "Pitirizani a Mbewe, tikumva kukoma." Ndinati netiweki yathawa. Nditafika kunyumba ndinakuimbira nditakwiya, ndikufunsa kuti kodi mayi ameneyu ndi mwana wa ndani, kwawo kulibe akuluakulu? Unaseka mpaka kutsokomola. Unati, "Adadi, ameneyo ndiye wandiwerenga bwino kuposa onse. Ena amangotchula, pepalalo osalitsegula n'komwe." Unamulembera, anakuyankha, munakangana mwaulemu miyezi ingapo, ndipo funso lakelo ndi limene linabala pepala latsopanoli. Mayi yemweyo ndi amene wakuitana, ndi amene akakuchingamire ku bwalo la ndege. Ukandiperekere moni, koma za ku bawo zija usakawauze. Ndipo iwe foni usamaitsegule usanasukusule. Wokutsutsa usamamuthawe. Uzimufunsa kuti waona chiyani chimene iwe sunaone.

Tsopano ndafika pa malichero. Kuno kumatentha, ukudziwa, ndipo kagalasi ka magazi kakamauma, ntchentche zimabwera kudzanyambita. Zikachoka ntchentche zimabwera nyerere, ukaika padzuwa magazi amaonongeka, ukatsekera m'kabati sauma msanga ndipo mphemvu zimapeza ndiwo. Nditayamba ntchito ndinapeza a Lusiyano ali kale ndi njira yawo. Ankayala tigalasi m'lichero, n'kuvundikira ndi lichero lina, n'kupachika pamthunzi pakhonde la labu ndi waya wochokera kudenga. Pakati pa wayayo ankamangapo kansanza konyika m'oyilo wakuda kuti nyerere zibwerere pomwepo. Mphepo inkadutsa m'mipata ya nsungwi, ntchentche zinkangozungulira kunja zikudandaula. Zinthu zake n'zopezeka pamsika pa Golomoti tsiku lililonse, koma zinkagwira ntchito kuposa kabati wa chitsulo amene tinali naye.

Chaka china kunali maphunziro a ogwira ntchito m'malabu ku boma. Anayenera kupita a Lusiyano, koma akazi awo anali akudwala, ndiye anatuma ine. Tsiku lachiwiri anthu anayamba kudandaula za ntchentche. Ine ndinakweza dzanja, ndinapita kutsogolo, n'kujambula malichero awiri pabolodi. Wophunzitsa anavula magalasi, n'kunena kuti, "Koma izi ndiye nzeru! Mwaganiza nokha, a Mbewe?" Mwana wanga, funso limenelo linali lalifupi, ndipo yankho lake linali lalifupinso. Ndikanangoti, ayi, ndi a Lusiyano. Koma holo yonse inali itandiyang'ana, mwa iwo munali mnzanga wopikisana naye uja, ndipo ine ndinali ndisanaomberedwepo m'manja chibadwire. Sindinanene bodza ndi pakamwa. Ndinangogwedeza mutu, pang'ono pokha. Anaomba m'manja. Kuchokera tsiku limenelo m'zipatala za kuno anayamba kuitcha njira ya a Mbewe. Nditabwerako a Lusiyano anandifunsa kuti kunali zotani, ine ndinawauza za chakudya ndi za kuzizira kwa ku Dedza. Patapita zaka zochepa anapuma ntchito. Iwe unakula ukumva anamwino akunena za njira ya a Mbewe, ndipo utayamba kafukufuku wako unangochotsa tigalasi n'kuikamo timapepala tako. Sindinakuuze. Ndinkakonda mmene unkandiyang'anira akaitchula.

Ukuona tsono chimene chikanachitika. Pepala lako likanatuluka ndi mzere umenewo, aliyense wolitchula akanakhala akunyamula kugwedeza mutu kwanga kuja, kupita nako ku mayiko amene ine sindidzapondako. Nambala yako ikamakwera, bodza langa likanamakwera nayo limodzi.

Ndiye lero m'mawa, muja ndinati ndikukapopetsa njinga, ndinapalasa mpaka kuseri kwa Mtakataka kumene a Lusiyano akukhala ndi mwana wawo wamkazi. Ndinawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akupota chingwe ndi manja okha, poti maso aja anatha ndi ng'ala. Ndisanatsike bwino panjinga anati, "Ameneyo ndi Felikisi. Tcheni cha njinga yako chikulirabe ngati kale. Oyilo unamumaliza pa nyerere?"

Tinapatsana moni, ndinawauza za ulendo wako, anaomba m'manja nthawi yaitali. Anati, "Kamtsikana ka malambe kaja? Kaja kankati magazi ndi apepo?" Kenaka ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bambo, ndabwera ndi mlandu. Mlandu wake ndi wanga, ndipo ndi wakale." Ndinafotokoza zonse, za bolodi, za funso, za kugwedeza mutu.

Iwo anasiya chingwe. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Anali akuseka! Anaseka mpaka mwana wawo anatuluka m'khitchini kudzaona. Anati, "Felikisi, wapalasa dzuwa lonseli kudzandiuza zimene ndinamva kalekale? Nditapuma ntchito ndinadwala malungo, ndinapita pachipatala china. Ndikudikira zotsatira ndinaona malichero ali lende pakhonde. Ndinafunsa kamnyamata ka mu labu kuti izi n'zotani. Kanati, agogo, imeneyi ndi njira ya a Mbewe, inu simungaimvetse. Kanandiphunzitsa bwinobwino, ndi kansanza ka oyilo komwe. Ine ndinati, a Mbewewo ayenera kuti ndi munthu wanzeru zedi."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandifunse zaka zonsezi. Anati, "Ndinkadikira ndione ngati ufika ndisanafe. Wachedwa, koma njinga yako sinathamangepo chiyambire." Ndinawauza kuti dzina lawo lilowa m'pepala lako m'malo mwa langa, ndipo anthu a kunja adzaliwerenga. Apa nkhope yawo inasintha. Anafufuza dzanja langa n'kuligwira.

Anati, "Ngati tayamba kubweza zinthu kwa eni ake, tibweze zonse. Inenso ndine wakuba ngati iwe. Malichero aja ndi a malemu mkazi wanga Agnesi. Ndi mmene ankasungira nsomba zowamba pakhonde, kuti ntchentche ndi nyerere zisatilande ndiwo. Tsiku lina ndikudandaula za tigalasi tanga, iye anangoloza m'mwamba n'kunena kuti, kodi magazi anuwo ndi okoma kuposa chambo changa? M'mawa mwake ndinanyamula malichero ake awiri kupita nawo kuntchito. Anandikalipira sabata yathunthu, poti analibe chopetera. Ndipo pachipatala ndinawauza kuti ndaganiza ndekha."

Tinaseka tonse awiri, akuba awiri pamkeka umodzi, mpaka misozi. Mwana wawo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amayi akanakhalapo lero akanakulipiritsani malichero atsopano nonse." Kenaka a Lusiyano anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ukuti dzina la Agnesi lingalembedwe m'buku la madokotala? Iye uja sukulu anaisiyira pa kulemba dzina lake lomwelo." Ndinati lingalembedwe, mwana wanga ndi amene wagwira cholembera. Anati, "Likadzatuluka udzabwere udzandiwerengere. Koma muuze asachedwe ngati bambo ake."

Ndikudziwa zimene unandiuza, kuti mzere wothokoza makina sauwerengera munthu nambala. A Lusiyano alibe tsamba lawo, a Agnesi alibe. Palibe chimene chidzakwere pansi pa maina awo. Koma inu ofufuza muli ndi mwambo wabwino, wakuti munthu asaimirire pagulu asananene kumene anatenga nzeru. Chimene ndikukupempha n'chakuti mwambowo usathere pa anthu okhala ndi mapepala okha. Kumene ukupitako ukapeza anthu otsuka timabotolo, okonza makina, osunga mafiriji, amene amadziwa timachenjerero timene sitinalembedwe paliponse. Wina akakuonetsa kanthu, lemba dzina lake m'kope lako tsiku lomwelo, usanayambe kuganiza kuti unakadziwa kale. Munthu saba nzeru tsiku limodzi. Amangochedwa kutchula, mawa, mkuja, mpaka iye mwini n'kukhulupirira kuti n'zake. Ndipo tsiku lina udzaima kutsogolo kwa holo yaikulu kuposa ya ku boma ija, wina n'kukufunsa kuti mwaganiza nokha. Khosi lako lidzafuna kugwedeza mutu. Uligwire.

Ukadzabweranso kudzatenga magazi m'midzi ya kwa Kachindamoto, uzibwereranso kukawauza makolo zimene wapeza, m'chinenero chawo, pansi pa mtengo. Magaziwo ndi a ana awo. Iwo sadzakutchula m'pepala lililonse, koma ndi amene adzadziwe ngati ana asiya kukodza magazi.

Zina zotsalazi n'zazing'ono, koma ndine bambo, ndinena basi. Jekete uzivala usanayambe kumva kuzizira. Amayi ako uziwaimbira Lamlungu tikachoka ku Misa, osati kungotumiza zithunzi, amafuna kumva ngati mawu ako ali ndi chimfine. Uzidya. Pepala likakanidwa, ulire tsiku limodzi, lachiwiri utsegule uone zimene anena. Ndipo tsiku limene nambala ija yaima osasuntha, usaganize kuti ntchito yako yaima. Malichero a a Agnesi akhala lende pa makonde a zipatala zaka zonsezi popanda wowatchula, ndipo ntchentche sizinalowemo.

Mzere uja ndaulemba pano m'Chichewa, iwe ukauike m'Chingerezi chako chabwino. Unene kuti njira youmitsira magazi m'malichero awiri inachokera kwa malemu Agnesi Nachisale, amene ankasungira nsomba motero, ndipo amuna awo, Lusiyano Kamtedza, ndi amene anaibweretsa mu labu. Ngati malo atsala, ungathe kuwonjezera kuti bambo ako anaijambula pabolodi. Zimenezo ndinachitadi, ndipo ndinajambula bwino.

Usandimvere chisoni kuti ndachoka pa mzerewo. Pamwamba pa pepala lililonse limene udzalembe padzakhala Mbewe, ndipo ameneyo sindinamube kwa munthu. Kwa ine n'zokwanira, mpaka kutsalako.

Ndikumva zipi ya sutikesi yatsekeka, ndipo amayi ako akuimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndiye kuti mpunga walowa. Akundiitana kuti ndidzainyamule tione kulemera kwake. Ndisiyire pano.

Yenda bwino, Nambewe. Ukafika, gona, idya, kenaka tsegula laputopu ukonze mzerewo usanachite china chilichonse. Pepala likadzatuluka unditumizire pafoni. Tcheni cha njinga ndathira kale oyilo. Kuseri kwa Mtakataka kuli munthu pamkeka, akudikira kumva dzina la mkazi wake.

Ndine bambo ako wokukonda,
Felikisi